Madzi Amene Anasambitsira a Sixpence

Hamala inagunda chitseko cha kiliniki cha m'ma teni koloko m'mawa, Enala ali chogwada pansi akukolopa masanzi a wodwala. Anaidziwa asanaione. Inali ya mchimwene wake Gadi, ija yolemera imene amaswera miyala ya golide kumaenje a ku Silobela.

"Enala! Tsekula! Ndikudziwa kuti uli momo!"

Bambo awo, a Sixpence, anali atamwalira m'bandakucha wa tsiku lomwelo. Kolera inawamaliza m'masiku awiri okha. Mtembo wawo unali m'chipinda chosungiramo katundu kuseri kwa wodi, pamodzi ndi mitembo ina itatu, ndipo kiyi wa chipindacho anali m'thumba la Sista Sithembile, namwino yekhayo amene anatsala pa kilinikiyo. Enala sanali namwino. Ntchito yake inali yothandizira: kukolopa, kutaya ndowa, kumwetsa odwala madzi a shuga ndi mchere.

Munali mu Disembala, chaka cha 2008. Kiliniki ya pa komboni ya Shafuti Folo kale inali ya mgodi, koma mgodi utatsekedwa boma linaitenga. Anamwino analipo asanu. Anayi anachoka chifukwa malipiro a mwezi wathunthu sankakwanira ngakhale basi yopita ku Kwekwe. Ndalama za boma zogulira mankhwala zinasiya kufika mu Ogasiti. Mliri utabuka kunabwera kalata ya chidindo, yolamula kuti mtembo wa kolera usaperekedwe kwa abale, koma ukulungidwe m'pulasitiki, upoperedwe klorini, ndipo lole ya boma idzautenge. Kalatayo inafika yokha. Mapulasitiki sanafike, dizilo wa lole sanapezeke, ndipo klorini amene analipo anali theka la chitini chimodzi. Ndi ufa umenewo ankatetezera madzi akumwa a odwala makumi awiri ndi atatu amene anagona pa mabedi ndi pansi pomwe.

Hamala inagundanso. Fumbi la simenti linathothoka pamwamba pa chitseko.

Sista Sithembile anafika pa zenera la mawaya n'kusuzumira panja. Pakhonde panali amuna asanu ndi mmodzi, onse adzukulu a sosaite ya maliro ya anthu ochokera ku Malawi. Pambuyo pawo panaima mkulu wa sosaiteyo, a Gedion, nkhalamba yowonda yovala jekete lakuda ngakhale kunali kotentha.

"Baba Gedion," anatero Sista, m'Chichewa chake chophunzira pa ntchito, "muwauze anyamata awa asiye. Mtembo uwu uli ndi matenda. Lole ikubwera."

"Lole iti?" anafuula Gadi. "Ija munkati ibwera Lachiwiri? Lero ndi Lachisanu, Sista! Fungo la anthu atatu aja tikulimva kuchokera kumsika."

"Nanga ikabwera, odzawaika m'manda ndi ndani?" anafunsa a Gedion motsitsa mawu. "Tiuzeni zoona, mayi."

Yankho lake aliyense ankalidziwa. Lole yotero imabwera ndi akaidi, amene anthu akuno amawatchula kuti mabhanditi, ndipo iwowo ndiwo amaponya mitembo yopanda mwini m'dzenje limodzi.

Enala anatseka maso. Nkhani ya mabhanditi anakula akuimva patebulo. A Sixpence anabwera kuchokera ku Ntcheu ali mnyamata, pamodzi ndi mnzawo Samueli. Patatha chaka, mwala unagwera Samueli pansi pa mgodi. Analibe m'bale kuno. Akaidi anamunyamula pa ngolo atamukulunga m'bulangete, ndipo phazi lake litalendewera, mkaidi wina analibwezera ndi chidendene uku akuseka. A Sixpence anaziona ali kuseri kwa mpanda. Mwezi womwewo iwo ndi a Gedion anayambitsa sosaite, kuti munthu wa kwawo asadzaikidwenso ngati galu. Ankati anthu akuno ali ndi midzi yawo yokaikidwa, koma mlendo wa pa mgodi mudzi wake ndi sosaite. Nsalu yawo yoyera anaigula ali ndi mphamvu zawo zonse, n'kuisunga m'bokosi la chitsulo pansi pa bedi. Dzulo lake asanamwalire, mawu atatha, anagwira dzanja la Gadi n'kunena kuti, "Mabhanditi ayi."

"Achimwene," anaitana Enala ataima kuseri kwa chitseko, "inenso ndi bambo anga. Koma mukawasambitsa, mufa nawo. Chonde dikirani."

"Iwe khala chete. Unawasiya akuuma ngati nsomba uli pomwepo."

"Madripi anali atatha! Otsala awiri aja anali kale pa mikono ya anthu!"

Mlonda wa kiliniki, a Wilfred, anali pakhonde ndi kandodo kawo. Anali munthu wokalamba, wopuma pa ntchito ya pansi pa mgodi chifukwa cha chifuwa. Gadi atakwezanso hamala, a Wilfred anaigwira mpini ndi manja onse awiri.

"Aikona, mwana wanga. Muno muli odwala."

Mmodzi wa adzukulu anawamenya ndi mpini wa piki pamwamba pa khutu. Kunamveka kuti phwa, ngati dzungu lagwa pa simenti. A Wilfred anagwada, kenako anagwa chafufumimba, magazi akuyenderera pa masitepe. A Gedion anakuwa kuti, "Iwe! Sitinagwirizane zimenezo!" koma palibe amene anawamva. Hamala inagunda kachitatu, kachinayi, ndipo chitseko chinachoka ndi mahinjesi ake omwe n'kugwera mkati.

Analowa onse nthawi imodzi. M'wodi munali mothina, anthu atagona mpaka m'njira, ndipo amunawo anangoponda. Mayi wina analira atapondedwa pamimba. Ndowa ya zonyansa inagubuduka. Chitsulo chopachikapo dripi chinagwa, singano n'kuzuka pa mkono wa mtsikana amene anali atangoyamba kutsegula maso m'mawa womwewo. Thumba la dripi linaphulika pansi pa jombo, madzi ake n'kusakanikirana ndi magazi a mtsikanayo.

Sista Sithembile anathamanga n'kukaima pa chitseko cha chipinda cha mitembo, manja atatambasula.

"Mudutsa pa ine!"

Anadutsadi. Mdzukulu wina anamugwira kolala ya yunifolomu n'kumukankhira kumbali, ndipo anakamenyetsa pakamwa pa chitsulo cha bedi. Enala anadumphira Gadi kumsana n'kumugwira m'khosi. Gadi anamugwedeza ngati thumba, natembenuka, n'kumuwomba ndi kuseri kwa dzanja. Enala anaona kuwala koyera, kenako anapezeka ali pansi, tsaya lili m'madzi a dripi.

Loko anathyoka ndi kugunda kumodzi. Chitseko chitatseguka, fungo linawabweza onse m'mbuyo, wina mpaka anasanza pa khoma. Gadi yekha ndiye analowa. Anatuluka atanyamula bambo ake m'manja ngati mwana, chifukwa anali atapepuka kwambiri. Anawagoneka pa chitseko chomwe anagwetsa chija, n'kuwafunditsa jekete la a Gedion. Amuna anayi ananyamula chitsekocho pa mapewa, nadutsa pafupi ndi a Wilfred osayang'ana pansi.

M'kiliniki munatsala kulira ndi ntchentche.

Sista anadzuka, nalavula magazi m'beseni, n'kunena kuti, "Manga mkono wa mtsikanayo. Kenako undithandize kukoka mdala uyu."

Anawakokera a Wilfred mkati. Khungu la pamutu linali litang'ambika kutalika ngati chala. Mankhwala oletsa ululu kunalibe, choncho Enala anawakhalira pa mapewa Sista akusoka ndi ulusi wotsiriza. Nkhalambayo inkaluma lamba wake ikubuula. Sista anaimbira apolisi ndi dzanja lamagazi, namvetsera pang'ono, n'kuseka kuseka kowawa.

"Akuti tiwatumizire dizilo, abwera."

Kunja kunachita mdima wa mitambo, ndipo madontho oyamba anagunda malata. Enala anamva madzi akuyamba kuyenda m'ngalande ya kuseri kwa kiliniki. Pomwepo analeka kuwapanikiza mapewa a Wilfred.

Anakumbukira maliro a mayi ake zaka zisanu zapitazo. Adzukulu akamaliza kusambitsa mtembo ndi kuufinya m'mimba kuti usatupe, madziwo amakhala mabeseni awiri. Nyumba za pa komboni zinazunguliridwa ndi simenti, choncho kuyambira kalekale madziwo ankawakhuthulira m'ngalande ya kuseri kwa nyumba. Nthawi imeneyo panalibe vuto, popeza mgodi unkapopa madzi ndipo aliyense ankatunga pa mpopi. Koma mipopi inauma mgodi utatsekedwa. Anthu anakumba chitsime chosazama kumunsi, pafupi ndi bwalo la mpira, pamalo pomwe ngalandeyo imathera. Mizere isanu ndi itatu ya nyumba za kumunsi inkamwa pamenepo, ndipo mpaka tsikulo kuchokera ku mizere imeneyo kunali kusanabwere wodwala ndi mmodzi yemwe.

"Sista, akataya madzi aja m'ngalande."

Sista anaimitsa singano. Sanafunse kuti madzi ati.

Enala anapita pa kabati n'kutulutsa chitini cha klorini.

"Hayi bo, ayi, Enala. Chimenecho ndi cha anthu awa. Palibenso china, ndipo ukudziwa kuti sikubwera china."

"Awa alipo makumi awiri ndi atatu. Akamwa pa chitsime chija, Lolemba tidzakhala ndi mazana. Tidzawagoneka pati?"

"Nanga awa amwa chiyani mawa?"

"Tiphitsa madzi. Nkhuni ndikatema ndekha."

Sista anamuyang'ana, mlomo wake ukutupa. Kenako anabwerera ku mutu wa a Wilfred.

"Ine sindinakuone," anatero. "Thamanga."

Enala anathamanga chitini chili pachifuwa, atachiphimba ndi epuloni kuti mvula isalowe. Nyumba ya bambo ake inali pa mzere wachiwiri, kumtunda. Anamva nyimbo asanakhote. Amayi a sosaite anali atadzaza pakhonde ndi pansi pa mtengo wa mango, atafunda zitenje kumutu, akuimba nyimbo za kutchalitchi. Chitseko cha kutsogolo chinali chotseka, kusonyeza kuti amuna ali mkati pa ntchito yawo.

Azakhali ake, a Eveline, anamuona n'kudzuka.

"Ukupita kuti? Wapenga? Mwana wamkazi salowa bambo ake akusambitsidwa!"

"Sindikulowa, azakhali. Ndisiyeni."

"Wabwera ndi chiyani m'chitinimo? Si mankhwala aja mumathira m'zimbudzi?"

Anamugwira dzanja, amayi ena awiri n'kumugwira epuloni. Enala anapotokola mkono, nakankha azakhali akewo pachifuwa mpaka anakhala pansi m'matope. Nyimbo inaduka. Iye anazungulira nyumba, epuloni atasiya m'manja mwa amayiwo.

Kuseri, pa sitepe ya khomo la kukhitchini, panali mabeseni awiri a malata odzaza madzi otuwa ngati otsukira mpunga. Gadi anali atawerama kuti anyamule loyamba. Hamala yake anali ataiyedzamiritsa pa khoma. Ngalande inali mapazi asanu okha kuchokera pa sitepe, ndipo inali itayamba kale kuthamanga ndi madzi a mvula.

Enala anaima pakati pa Gadi ndi ngalandeyo.

"Achimwene, musataye mmenemo. Ndiloleni ndithire mankhwala kaye."

Gadi anawongoka pang'onopang'ono. Maso ake anali ofiira, manja ndi malaya zili zonyowa mpaka m'zigongono.

"Uthire chiyani?"

"Klorini. Aphe matenda ali m'madzimo."

"Amene mumathira m'ndowa za manyi? Bambo ako ukuwayesa chimbudzi?"

"Madzi awa akupita ku chitsime. Ana a pa komboni pano amamwa kumeneko. Mkazi wanu amatunga kumeneko!"

"Takhala tikutaya muno iwe usanabadwe. Choka."

"Sindichoka."

Chibakera chinamupeza pakamwa. Anagwa chagada m'mphepete mwa ngalande, dzino lina likusuntha pansi pa lilime. Anadzuka chogwada, chitini akadali nacho. Gadi anamugwira tsitsi n'kumukokera kumbali, iye n'kumuluma pa dzanja mpaka anamva mchere wa magazi. Gadi anakuwa, namuponda ndi jombo m'nthiti kawiri. Mpweya unamuthawa. Jombo lachitatu linamenya chitini, chivundikiro n'kuuluka, ndipo ufa woyera unamwazika pa simenti yonyowa n'kuyamba kusungunuka. Fungo lake linawalowa m'maso onse awiri.

"Ndiwe wa boma iwe," anatero Gadi akupuma mwamphamvu. "Pita ukadikire lole yako."

Anamufulatira n'kuweramiranso beseni. Anaika dzanja lamanja pa sitepe kuti agwire bwino m'mphepete mwake.

Enala sanaganize. Hamala inali pafupi ndi phazi lake. Anainyamula ndi manja awiri, nthiti zikubaya, ndipo anaigwetsa ndi mphamvu zake zonse pa dzanja lomwe linali pa sitepelo.

Mafupa anamveka kusweka ngati nkhuni zouma. Gadi anayang'ana dzanja lake, kenako analira kulira kumene Enala anali asanamumvepo, n'kugubuduka pa simenti atalipanira pakati pa maondo. Madzi a m'beseni anagwedezeka, koma sanatayike.

Adzukulu anatuluka m'khitchini akukankhana. Uja anamenya a Wilfred anali ndi mpini wake womwe uja, ndipo anaukweza pamwamba pa mutu wa Enala. Amayi anali atafika pa ngodya ya nyumba akukuwa.

"Tsitsa chimenecho!"

Anali a Gedion. Anaima pakhomo malaya atapinda, mikono yawo yowonda ikudontha madzi.

"Wamenya kale nkhalamba imodzi lero. Ukufuna uphe mwana wa Sixpence pakhomo pa Sixpence, mwini wake atagona mkatimu? Tsitsa!"

Mpini unatsika. A Gedion anayang'ana Gadi, nayang'ana Enala amene anali akadali ndi hamala m'manja, magazi akutsika pa chibwano.

"Mwana wanga, wathyola dzanja la mlongo wako pa maliro a bambo ako. Undiuze chifukwa chake, ndipo chikhale chomveka."

Enala analavula. Mawu ankatuluka movutikira.

"Agogo, tayang'anani kumene ngalandeyi ikupita."

A Gedion anatsika pa sitepe n'kuima pa mvula. Anatsatira ngalandeyo ndi maso, kudutsa mzere wachitatu, wachinayi, mpaka kumunsi ku bwalo la mpira. Kumeneko, ngakhale mvula inkagwa, amayi ndi atsikana anali pa mzere ndi zigubu zawo, akutunga. Madzi a m'ngalande ankafika pamenepo n'kumwazika mozungulira chitsimecho.



"Kwathu sitinkataya madzi a mtembo poyera," anatero a Gedion, ngati akulankhula okha. "Tinkakumba dzenje, n'kuthira, n'kukwirira. Ndinaona bambo anga akuchita zimenezo. Tinasiya chifukwa azungu a mgodi ankaletsa kuswa simenti yawo." Anatembenukira kwa adzukulu. "Azunguwo ali kuti lero? Tengani mapiki. Swani apa, kutali ndi ngalande. Mukumbe mpaka m'chiuno."

"Koma madala, nthawi..." anayamba wina.

"Ndati kumbani!"

Mapiki anayamba kugunda simenti. Enala anaika hamala pansi, nagwada, n'kuyamba kukokolola ufa wonyowa ndi chivundikiro cha chitini. Unkawotcha zala ndipo maso ankatuluka misozi. M'chitini munali mutatsala wochepa pansi. Anathira wambiri m'mabeseni awiri aja n'kuvundula ndi kamtengo. Wotsalawo anausungunula m'ndowa ya madzi a padenga.

"Aliyense amene wagwira bambo asambe apa, mpaka m'zigongono. Malaya muvule, tiwotche. Agogo, yambani ndinu."

A Gedion anaviika manja awo. Ena onse anatsatira mmodzimmodzi, osamuyang'ana kumaso. Gadi anali atatsamira khoma, nkhope itatuwa, dzanja litatupa ngati chipatso. Enala anabwera ndi ndowa n'kugwada patsogolo pake.

"Usandikhudze," anatero Gadi.

"Ndipatseni lamanzere kaye."

Gadi analipereka monyinyirika. Atafika pa dzanja losweka, Gadi analuma mlomo mpaka unatuluka magazi, koma sanalichotse.

Dzenje litakwana, adzukulu awiri ananyamula mabeseni mosamala n'kukhuthuliramo, nakwirira ndi dothi ndi zidutswa za simenti. Madzi otsala m'ndowa Enala anatsukira sitepe ndi pansi pa chipinda chimene anasambitsiramo, bambo ake atawaika kale m'bokosi.

A Sixpence anaikidwa madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, atakulungidwa m'nsalu yawo yoyera, m'bokosi la sosaite, atanyamulidwa ndi anthu a kwawo. A Gedion analamula kuti pasaphikidwe chakudya ndiponso kuti anthu asagwirane chanza. A Eveline anadandaula kuti maliro otero ndi a umphawi, koma anamvera. Enala sanapite kumanda. Anabwerera ku kiliniki akuyenda chopendekera, n'kuika chitini chopanda kanthu pa tebulo la Sista.

Sista anasuzumira m'chitinimo, namuyang'ana pakamwa potupa.

"Wafika nthawi yake?"

"Ndafika."

"Nkhwangwa ili kuseri. Migolo iwiri pa tsiku, ndipo madzi awire kwenikweni."

Loweruka lonse Enala anatema nkhuni nthiti zikumubaya pa kugunda kulikonse. Mvula inanyowetsa mitengo, moto unkangofuka, ndipo madzi sankakwanira. Mtsikana uja anazulidwa dripi anamwalira Loweruka masana. Anamuika m'chipinda cha kuseri, chimene tsopano chinalibe loko.

Lamulungu m'mawa Enala anamva kulira kwa gudumu losathira mafuta. Anatuluka pakhonde. Gadi ankabwera akukankha wilibala ndi dzanja limodzi, chogwirira chinacho atachimangirira ndi chingwe chodutsa m'khosi. Dzanja lamanja linali lomangidwa ndi timatabwa ndi nsanza. M'wilibalamo munali a Gedion, maso atalowa mkati, miyendo ikulendewera.

"Ayamba m'bandakucha," anatero Gadi osamuyang'ana. "Amene anayamba kufinya mimba ya bambo ndi iwo, iwe usanafike."

Analowa nawo pa khomo lopanda chitseko. A Wilfred, amene anagona pafupi ndi khomolo mutu uli m'mabandeji, anamuyang'ana Gadi n'kutembenukira kukhoma. Bedi kunalibe, choncho anawagoneka pa katoni pansi.

"Dripi?" anafunsa Gadi.

"Lomaliza munaliponda Lachisanu," anayankha Sista akudutsa ndi ndowa, osaima.

Enala anabweretsa kapu ya madzi owiritsa a shuga ndi mchere, ndi supuni.

"Supuni imodzi, muwerenge mpaka khumi, supuni ina. Akasanza mudikire pang'ono, muyambirenso. Musasiye. Ine ndilibe manja okwanira."

Gadi anakhala pansi, kapu ataipanira ndi maondo, n'kugwira supuni ndi dzanja lamanzere. Yoyamba inatayikira pa chibwano cha nkhalambayo. Yachiwiri inalowa.

Lolemba lole inafika. Sinabwere ndi klorini, madripi kapena mapulasitiki. Inabwera ndi akaidi anayi ovala zoyera zong'ambika, atamanga nsanza pamphuno, ndi msilikali wa ndende wa mfuti. Anatulutsa mitembo inayi m'chipinda cha kuseri atagwira m'manja ndi m'miyendo, akudutsa nayo pakati pa odwala. A Gedion anatsegula maso n'kuwatsatira mpaka pakhomo. Anamva mitemboyo ikugwera pa chitsulo cha lole, umodzi umodzi.

Enala anali pakhonde akuyang'ana njira yochokera kumunsi, monga ankachitira m'mawa uliwonse kuyambira Loweruka. Adzukulu ena awiri anali atabwera kale akutsegula m'mimba. Koma kuchokera ku mizere ya ku chitsime sikunabwere munthu tsiku limenelo, ngakhale sabata yonseyo.

Atalowa mkati anapeza a Gedion akumukodola ndi chala. Anagwada pafupi kuti amve.

"Mwana wa Sixpence," ananong'ona, "mankhwala aja alipo?"

"Anatha, agogo."

"Ndiye ine musandisambitse. Wamva, Gadi? Munthu asandigwire m'mimba. Nsalu yanga ili m'sutukesi. Mundikulunge mmene ndililimu, mundinyamule nokha." Anapuma, milomo itauma. "Koma aja ayi."

Gadi anayang'ana mlongo wake. Kalata ya chidindo ija inali ikadali pa khoma pamwamba pa tebulo la Sista, itapindika m'makona chifukwa cha chinyontho.

"Nanga lamulo lanu lija?" anafunsa.

Enala anayang'ana khomo lopanda chitseko, nayang'ana Sista. Sista anali akufinya chikolopa m'ndowa, ndipo sanadzutse mutu.

"Palibe chotsekera, achimwene. Munaswa nokha," anatero Enala. "Koma sanafe. Supuni yaima chifukwa chiyani?"

Gadi anatunga madzi m'kapu n'kuyamba kuwerenga.